MOTOKA YA DIZILO IKAKALAMBA: YAMBANI MWADZIWA MATENDA, SIPEYA PAMBUYO

Misewu ya dziko lathu la Zambia ikali kudalira mamotoka a dizilo amene anapangidwa zaka 20 kapena 30 zapitazo. Hiace imene inyamula anthu kucoka ku Matero kupita m'tauni, Canter imene itenga cimanga ku Petauke, Hilux ya mlimi wa ku Lundazi ndi Land Cruiser ya pa cipatala ca kumudzi, zonsezi ndi nkhalamba zimene zikali kudyetsa mabanja. Motoka yotere ikaima sabata imodzi, wolira si mwini wake yekha ai. Dalaivala alibe malipiro, kondakitala agona ndi njala, matimati aolera m'mabokosi, ndipo ndalama za ana ku sukulu zicedwa.

Cimene cimatimvetsa cisoni ndi cakuti ndalama zambiri za eni mamotoka amenewa sizithera pa sipeya imene inafa. Zithera pa masipeya amene anali bwinobwino koma anasinthidwa mongoganizira. Lero agula pampu, mawa ma injector, mkuja computer box, koma motoka ikali kukana, ndipo pamapeto pake apeza kuti vuto linali kawaya kamene khoswe anadya. Conco nkhani yathu lero ndi ya dongosolo. Coyamba dziwani injini yanu, caciwiri pezani matenda ake, cacitatu pezani nambala ya sipeya, ndipo ku sitolo mupite pothera.

Injini yanu ndi ya m'badwo uti?

Tikamati motoka yakale ya dizilo timaphatikiza mibadwo itatu yosiyana kwambiri, ndipo mwini motoka amene sadziwa m'badwo wa injini yake ndiye woyamba kunamizidwa.

M'badwo woyamba ndi wa mainjini opanda kompyuta. Apa pali Toyota 2L, 3L ndi 5L za mu Hilux ndi Hiace, 1HZ ya mu Land Cruiser imene inayamba mu 1990, Nissan TD27 wamba, Isuzu 4JA1 ndi 4JB1 za mu KB, ndi zina zotero. Pa mainjini amenewa dizilo apimidwa ndi kukankhidwa ndi pampu imene izunguliridwa ndi injini yeniyeniyo. Magetsi angofunika pa sitata, pa ma heater plug ndi pa kavalavu kozimitsira. Tsono munthu akakuuzani kuti mulipire kuti aike injini ya 3L pa kompyuta, dziwani kuti akugulitsani mphepo, pakuti mulibe kompyuta imene ingayankhe.

M'badwo waciwiri ndi wa mainjini amene pampu yake ndi yofanana ndi yakale, koma ilamulidwa ndi computer box. Wodziwika kwambiri kwathu kuno ndi 1KZ-TE amene anayamba mu 1993 mu Prado ndi Hilux Surf. Palinso 2L-TE ndi 5L-E. Pa maina a mainjini a Toyota, cilembo E cakumapetoco cikuuzani kuti dizilo alamulidwa ndi magetsi. Kacilembo kamodzi aka kasiyanitsa pampu, mawaya ndi mtengo wa zonse.

M'badwo wacitatu ndi wa common rail. Kampani ya Denso inayamba kuika njira imeneyi pa malole a Hino mu 1995, ndipo pa mamotoka ang'ono inaoneka mu 1997 pa Alfa Romeo 156. Kwa ife inafika makamaka ndi dzina la D-4D, pa mainjini a 1KD ndi 2KD a mu Prado, Hiace ndi Hilux zimene zinaculuka kuyambira mu 2005. Ngakhale ambiri tikali kuwaona ngati atsopano, ena mwa mamotoka amenewa akwanitsa kale zaka 20. Mu mapaipi ake dizilo apanikizidwa kupitirira 1,300 bar, pamene mphepo ya m'tayala ya motoka ndi 2 kapena 3 bar cabe. Cifukwa cake musayese kumasula paipi ya injector kapena kuikapo cala injini ili kulira, monga ticitira pa 3L, pakuti dizilo wotere aboola khungu.

Kuti mudziwe m'badwo wa injini yanu, werengani kacitsulo kamene kali ndi mau akuti MODEL ndi ENGINE, kamene kapezeka mkati mwa boneti, pa mphuthu ya citseko, kapena pafupi ndi mpando wakutsogolo ngati ndi minibasi. Koma musalekere pomwepo. Mamotoka ambiri okalamba anasinthidwa kale mainjini, conco onaninso nambala yodindidwa pa thupi la injini yeniyeniyo.

Makina opimira samva cilankhulo ciliconse

Anthu ambiri aganiza kuti scanner iliyonse iwerenga motoka iliyonse. Si conco. Dziko la America linalamula kuti kuyambira mu 1996 mamotoka ang'ono onse ogulitsidwa kumeneko akhale ndi soketi imodzi ya mapini 16 ndi cilankhulo cimodzi, cimene amati OBD-II. Ku Ulaya lamulo lotere linafika mu 2001 pa mamotoka a petulo, ndipo pa a dizilo mu 2004. Koma mamotoka athu ambiri sanacokere ku America kapena ku Ulaya. Anapangidwira msika wa ku Japan, nalowa kuno kudzera pa Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo ku Japan kampani iliyonse inapitiriza ndi cilankhulo cake kwa zaka zina. Ndiye cifukwa cake Prado ya mu 2000 ingakhale ndi soketi ya mapini 16 pansi pa ciongolero, koma mukalumikiza makina ochipa ingoti duu, osayankha.

Mamotoka okalamba kuposa apa alibe ngakhale soketi imeneyi. Toyota inali ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mkati mwa boneti, Nissan inali ndi soketi ya mapini 14, ndipo Mercedes-Benz inali ndi yozungulira ya mapini 38. Alipo ogulitsa zingwe zolumikizira soketi zakalezi ku makina atsopano. Dziwani kuti cingwe cisintha maonekedwe a soketi cabe. Ngati makinawo sadziwa cilankhulo ca motoka yanu, cingwe sicingawaphunzitse.

Makina amene apezeka pamsika tingawagawe patatu. Ochipa kwambiri ndi kapulagi ka ELM327, kamene kalankhula ndi foni kudzera pa Bluetooth mothandizidwa ndi mapulogiramu monga Torque kapena Car Scanner. Tumapulagi tambiri timene tili m'mashopu ndi tokopera cabe, ndipo ngakhale tabwino tiwerenga zinthu zocepa za injini pa mamotoka okhawo amene atsata OBD-II. Pa Hilux ya D-4D kangakuthandizeni, koma pa Surf ya mu 1996 ndi ndalama yotaya.

Apakati ndi makina monga a Launch ndi Autel, amene adziwa zilankhulo za makampani ambiri ndipo ndi amene tiwaona m'magalaji. Amenewa ndi odula, ndipo ena afuna kulipiridwa caka ndi caka kuti alandire zatsopano. Apamwamba ndi a kampani yopanga motokayo, monga Techstream ya Toyota, Consult ya Nissan ndi MUT ya Mitsubishi.

Malangizo athu ndi akuti amene ali ndi motoka imodzi asathamangire kugula makina aakulu. Ndi bwino kulipira galaji imene ili nawo ndipo idziwa kuwagwiritsa nchito. Eni maminibasi a pa siteshoni imodzi angathe kusonkha monga acitira pa cilimba, ndi kugula makina amodzi abwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma ngakhale muli gulu kapena muli nokha, musapereke ndalama wogulitsa asanalumikize makinawo pa motoka yanu inu muli kuona. Mau olembedwa pa katoni sakwanira.

Kwa amene ali ndi Toyota ya m'badwo waciwiri, ilipo njira yaulere. Mu kabokosi ka DIAGNOSIS kaja muli mabowo awiri olembedwa TE1 ndi E1. Mukawalumikiza ndi kawaya, ndi kutembenuza kiyi kufika pa ON popanda kuliza injini, nyali ya check engine iyamba kuphethira. Ikaphethira kawiri, ndi kupuma, ndi kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi code 22, kutanthauza sensor yopima kutentha kwa madzi. Kawiri kenaka kanayi ndi code 24, sensor yopima kutentha kwa mphepo yolowa mu injini. Ikangophethira mofanana kosalekeza, kompyuta sinaone vuto. Pa Toyota zokhala ndi soketi ya mapini 16, mapini olumikiza ndi 4 ndi 13. Apa cenjerani kwambiri, cifukwa pini ya nambala 16 ili ndi moto wocokera ku batire, ndipo kuphonya pang'ono kungaoche computer box. Ngati simuona bwino manambala, siyirani wa zamagetsi.

Code ndi mboni, mlandu muweruze ndinu

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimagwera m'madzi. Makina akaonetsa code, sanena kuti gulani cakuti. Anena cabe cimene kompyuta yaona.

Titenge citsanzo ca P0087, imene imatanthauza kuti mphamvu ya dizilo mu rail yacepa. Makanika wacangu akuuzani kuti pampu yafa. Koma dizilo angacepe mphamvu cifukwa filter yatsekeka, kapena paipi ikoka mphepo, kapena zinyalala zaunjikana m'thanki, kapena kavalavu ka pa pampu kamene amati suction control valve kayamba kukakamira, kapena injector imodzi ibweza dizilo wambiri ku thanki, kapena sensor yeniyeniyo inama. Pa mndandanda wonsewu pampu ndiyo yodula kuposa zonse, ndipo iyenera kukhala yothera kuiganizira. Cimodzimodzi P0401 ikamba za mpweya wa EGR wosayenda bwino, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kucotsa mwaye, osati kugula valavu yatsopano. P0335 ikamba za sensor ya crankshaft, koma waya woduka kapena pulagi yadzimbiri ibweretsa code yomweyo.

Conco lamulo ndi lakuti yambirani pa cochipa ndi capafupi. Ndiponso pemphani kuti ma code onse alembedwe pa pepala asanawafafanize. Kuzimitsa nyali ya pa dashibodi si kucilitsa motoka, monganso kubisa kalata ya ngongole si kulipira. Makanika wodziwa nchito sangowerenga code. Aona manambala amene makina aonetsa injini ili kulira, apima mawaya ndi multimeter, ndipo ayesa ma injector ndi timabotolo kuti aone amene abweza dizilo wambiri. Inu muli ndi ufulu womufunsa kuti, "A makanika, mwapima ciani kuti mudziwe kuti ndi pampu?" Amene adziwa cimene acita sakwiya ndi funso lotere.

Pa mainjini a m'badwo woyamba, makina opimira ndi maso, makutu ndi zipangizo zapamanja. Utsi wakuda unena kuti dizilo waculuka kapena mphepo yacepa, conco yambirani pa air filter kenaka ma injector. Utsi wabuluu ndi oilo amene ali kupsa. Utsi woyera m'mawa nthawi zambiri ndi dizilo wosapsa bwino, ndipo ngati madzi a mu rediyeta ali kucepa tsiku ndi tsiku, ganizirani za gasket kapena cylinder head. Motoka ikavuta kulira m'mawa mwa June ndi July, yang'anani batire ndi ma heater plug musanaganize zotsegula injini. Compression ipimidwa ndi geji yake, ma injector ayesedwa pa kapampu kamanja, ndipo pampu ipita pa benci ya akatswiri a dizilo. Zonsezi mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi kugula mongoganizira.

Sipeya igulidwa ndi nambala

Matenda akadziwika, tsopano ndi nthawi ya sipeya. Kulowa m'shopu ndi kunena kuti mufuna water pump ya Hilux ya mu 2004 sikukwanira, pakuti Hilux yopangidwa ku South Africa, ya ku Thailand ndi ya ku Japan zingasiyane ngakhale caka ndi cimodzi. Cofunika ndi nambala ya chassis. Mamotoka a msika wa ku Japan ali ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo monga KZN185 ya Surf, KZJ95 ya Prado kapena LH113 ya Hiace. Ocokera ku South Africa ndi ku Ulaya ali ndi VIN ya zilembo ndi manambala 17.

Sipeya iliyonse ya Toyota ili ndi nambala yake ya magawo awiri, asanu kutsogolo ndi asanu kumbuyo. Mwacitsanzo, ma oil filter ambiri ayamba ndi 90915, ndipo ma timing belt ayamba ndi 13568. Masiku ano simufunika kucita kupempha kuti akuonetseni buku la manambala. Pa intaneti pali malo monga Partsouq, Amayama ndi Megazip pamene mulemba nambala ya chassis, ndipo akuonetsani zithunzi za motoka yanu cidutswa ndi cidutswa, ciliconse ndi nambala yake. Ngati foni ikuvutani, mwana kapena mdzukulu angakuthandizeni. Nambala imeneyi ikuthandizani pawiri. Ikuchinjirizani ku sipeya yolakwika, ndiponso ikuonetsani mamotoka ena amene agwiritsa nchito sipeya yomweyo, kotero kuti cimene casowa pa dzina la Hilux mungacipeze pa dzina la Hiace.

Dziwaninso kuti opanga mamotoka sapanga zonse okha. Mapampu ndi ma injector a Toyota ndi a Denso, pamene a Nissan, Isuzu ndi Mitsubishi akale ambiri ndi a Zexel, kampani imene inalowa m'manja mwa Bosch. Ma water pump ndi ma clutch ambiri a Toyota apangidwa ndi Aisin, ma bearing ndi Koyo kapena NSK, ndipo NGK ipanga ma heater plug. Sipeya ya makampani amenewa m'katoni yao ndi yabwino monga ya m'katoni ya Toyota, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wotsikirapo. Pa pampu ya dizilo pali kacitsulo ka nambala yakeyake. Kajambuleni pa foni musanapite kwa akatswiri.

Catsopano, ca ex-Japan, ndi gong'a

Si zonse zofunika kugula zatsopano. Gearbox, difu, zitseko, nyali, sitata ndi alternator za ex-Japan nthawi zambiri ziposa zatsopano zosadziwika kocokera. Koma timing belt ndi tensioner yake, ma filter, ma seal, head gasket, ma heater plug ndi zonse za mabuleki gulani zatsopano ndipo zenizeni. Pa mainjini ambiri a Toyota nyali ya T-BELT iyaka pa makilomita 100,000, pa ena 150,000. Lamba ameneyu akaduka injini ili kuthamanga, ma piston amenya mavalavu, ndipo ndalama imene munapulumutsa pa lamba wa gong'a muilipira kambirimbiri.

Zinthu zitatu zifuna kusamala kwapadera mukamagula zogwiritsidwapo kale nchito. Cylinder head ya 1KZ ndi ya 2L-T idziwika kuti ing'aluka injini ikatentha kwambiri, ndipo mng'alu wake suoneka ndi maso nthawi zonse, conco gwirizanani ndi wogulitsa kuti ikayesedwe kaye ku engineering. Ma injector a common rail ayesedwe pa benci, ndipo pa mainjini ambiri a D-4D injector iliyonse ili ndi manambala ake amene ayenera kulowetsedwa mu kompyuta ndi makina oyenera. Computer box nayo nambala yake ifanane ndi yanu, ndipo ngati motoka ili ndi immobiliser, funsani za kiyi musanalipire.

Za gong'a makolo athu anatha kale kunena kuti cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Katoni ndi yokongola, dzina ndi lomwelo, koma pepala la mkati mwa filter silisefa kanthu. Injini ya 3L ingapirire nayo kanthawi, koma ya common rail, imene tiziboo ta ma injector ake ndi tating'ono ngati tsitsi, siicedwa kuonongeka. Yerekezani kulemera kwa sipeya yatsopano ndi yakale, onani kalembedwe ka pa katoni, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu.

Mukamapita ku mashopu, kaya ndi ku Freedom Way ndi Lumumba Road mu Lusaka kapena ku Down Shops ku Chipata, nyamulani sipeya yakale m'manja pamodzi ndi nambala yake. Anyamata a tamanga amene akuthamangirani pa msewu aikapo yao pamwamba, ndipo cinthu cikakana simudzawapezanso. Lowani m'shopu nokha, ndipo tengani risiti yolembedwa dzina la shopu, tsiku ndi nambala ya sipeya. Lamulo la mu 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC liyang'anira, liletsa mashopu kupacika zikwangwani zokana kubweza katundu kapena ndalama. Koma popanda risiti mlandu wanu ndi wovuta kuuimirira. Sipeya yoperekedwa kumbali, usiku, pa mtengo wa nthoci, kawirikawiri ili ndi mwini wake amene ali kulira kwina. Kugula katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo ndi ife ogula amene tipatsa mbala msika. Mukasintha injini yonse, sungani mapepala ake ndipo pitani ku RTSA kuti nambala yatsopano ilowe mu white book.

Cikasowa kuno, ambiri aitanitsa ku Dubai, ku Johannesburg kapena ku Japan komweko. Powerengera mtengo ikanipo ndalama yonyamulira ndi msonkho wa ZRA, ndipo kumbukirani kuti cinthu colemera cikabwera colakwika, kucibweza ndi kodula kuposa kucitaya. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook. Funsani anzanu amene anagulako kale kwa iye, pakuti safunsa anadya phula.

Dizilo amene mumwetsa motoka

Sipeya yabwino siikhalitsa ngati dizilo ndi woipa. Kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA inayamba kubweretsa dizilo woyengedwa kale wokhala ndi sulphur wocepa, m'malo mwa mafuta osayenga amene anali kupita ku Indeni ku Ndola. Dizilo wotere ndi wabwino kwa mainjini a common rail. Pa mapampu akale, nthawi zina ma seal okalamba ayamba kudontha akakumana naye, ndipo mankhwala ake ndi kusintha ma seal, osati kutaya pampu. Koma dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, amene angakhale ndi madzi, fumbi kapena palafini, ndiye mdani wamkulu wa mibadwo yonse itatu. Pansi pa diesel filter ya mamotoka ambiri pali kapulagi kocotsera madzi. Kamasuleni nthawi ndi nthawi, makamaka m'dzinja.

Pothera, tipempha mwini motoka aliyense kuti agule kabuku kakang'ono ndi kukasunga m'motoka. Pa tsamba loyamba lembani nambala ya chassis, dzina ndi nambala ya injini, ndi nambala ya pa pampu. Pa masamba otsatira lembani tsiku, makilomita, code imene inaoneka, sipeya imene inalowa, nambala yake ndi shopu imene munagulako. Makanika akasintha cinthu, akubwezereni cakale. Tsiku limene motoka idzaima pakati pa Nyimba ndi Kacholola, kumene shopu ya masipeya ili kutali, mudzangotsegula kabukuko ndi kuuza wa ku Lusaka pa foni nambala yeniyeni yoti aike pa basi.